Khutu silibadwa lomaliza, achemwali

Imelo iyi inandipeza Lachiwiri usiku ndili m'basi yochokera ku ntchito, ndipo inandiphonyetsa siteji. Wolemba ndi mayi wa kwathu amene akukhala ku Johannesburg, ali ndi khanda la miyezi 5. Bambo a m'nyumbamo alamula kuti mwana azimva Chingerezi chokha, eti kuti asadzasokonezeke mutu komanso asadzatengere lilime lathu losakaniza l ndi r. Masana mwana amaswera pa TV ya makatuni. Usiku amagona ndi foni yolira kuti shiii ngati wailesi yosachuna, poti chipinda chawo chinayang'ana ku msewu. Funso lawo n'lakuti: "Kodi khutu la mwana limachita kuphunzira, kapena limabadwa lodziwa kale zonse? Ndikumuwononga kapena?"

Achemwali, ndikuyankhani ndithu. Koma mundilole nditule kaye katundu wanga, chifukwa mwandiponda pachilonda.

Ine kwathu ndi ku Dowa, mudzi wa m'mphepete mwa dambo. Chingerezi ndinachiphunzira m'buku, ndipo papepala ndinkachikhoza kuposa anyamata onse a m'kalasi mwathu. Nditabwera kuno ku England ndinapeza ntchito pa nyumba ina yosamalira okalamba. Sabata yachiwiri, agogo ena achizungu okonda za Mulungu anandipempha kuti ndikhale nawo pang'ono asanagone. Ndinawagwira dzanja n'kuwauza kuti tipemphere. Chimene chinatuluka pakamwa panga ndi "play", osati "pray". Agogowo analibe nazo ntchito, anatsinzina n'kuyamba pemphero lawo. Koma mnzanga wa pa ntchito amene ankapinda nsalu pakhomo anaseka mpaka kugwirira chitseko. Kusekako sikunandiwawe kwenikweni, kwathu timasekana ngakhale pa siwa. Chinandiwawa n'chimene chinachitika m'khitchini pambuyo pake. Anandikhazika pansi, mwachifundo ndithu, n'kumatchula mawu awiriwo pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa wa sitandade 1. Akuti tamvera, ili ndi ili. Ine ndinatchera khutu ndi mtima wanga wonse, koma ndinamva liwu limodzi lonenedwa kawiri. Ndinagwedeza mutu kuti ndamva. Ndinanama. Usiku umenewo ndinagona ndikudzifunsa ngati ndili ndi nthenda ya m'makutu imene aliyense ankandibisira.

Ndiye mwana wanga atabadwa ndinalumbira, ndipo ine panalibe mwamuna wondilamula, ndinadzilamula ndekha: uyu sadzasekedwa. M'nyumba Chingerezi chokhachokha. Nyimbo zotonthozera mwana zimene amayi anga ankandiyimbira ndinazimeza, n'kuloweza za pa wailesi. Chichewa ankachimva pokhapokha akaswa kapu, kapena ndikamayankhula pa foni ndi a kumudzi, apo n'kuti ndatseka chitseko kuti ndisamusokoneze. Ndinkaona ngati ndikumusungira chuma ku banki.

Ali ndi zaka 9 ndinapita naye ku Dowa, mwezi wa Disembala, mvula itayamba. Usiku woyamba ine ndinangofika pa mphasa, tulo tofa nato, tulo timene ndinali nditaiwala kukoma kwake. Pakati pa usiku ndikumva wina akundigwedeza. Akuti, phokosoli lisiya nthawi yanji? Ndinamvetsera. Phokoso liti? Kunja kunali zii. Panatenga kanthawi kuti ndiyambe kumva zimene iye ankamva: achule mazanamazana ku dambo, nkhululu kuseri kwa nkhokwe, madontho ogwa kuchokera pa denga la udzu, mbuzi ikutsokomola m'khola. Kwa ine zonsezo zinali bata. Kwa iye chinali chigayo. Apo ndinakumbuka kuti nanenso usiku wanga woyamba ku England sindinagone, chifukwa cha firiji yong'ung'udza ndi mapaipi otenthetsa m'nyumba olira kuti tha, tha, zinthu zimene iye wagona nazo moyo wake wonse osazimva.

Kutacha inali nkhani ina. Amayi anga anamukhazika pa khonde kuti amuphunzitse. "Ng'ombe" iye ankati "ngombe". Akamuuza kuti anene "kola" ankati "khola", "pala" ankati "phala", ndipo akamubwerezera ankanditembenukira ndi nkhope imene ndinaizindikira nthawi yomweyo, nkhope yanga ya m'khitchini muja. Liwu limodzi lonenedwa kawiri. Za mtengo womera ndi mtengo wa pamsika ndiye osanena. Amayi ankaseka n'kumati, "Iwe, mdzukulu wangayu akuyankhula ngati bambo mfumu a ku mishoni." Tinaseka tonse. Koma masabata atatu anatha awiriwa osakambirana nkhani yoposa moni ndi zikomo, ine ndili pakati ngati womasulira wa pa khoti. Amayi anatisiya patatha zaka ziwiri. Nthano zawo zonse, za kalulu ndi fisi, za mmene anapulumukira njala ya 2002, zinapita osadutsa m'khutu la mdzukulu wawo.

Ndinalakwa, ndipo sindikufuna wondipepesa.

Patapita nthawi, ndikuchita maphunziro a unamwino, ndi pamene ndinadziwa kuti makutu anga analibe nthenda. M'Chichewa l ndi r ndi munthu mmodzi wa malaya awiri. Unene "kulira" kapena "kulila", mwana akulirayo ndi yemweyo. N'chifukwa chake lamulo la kalembedwe limangoti r azilembedwa pambuyo pa i ndi e, basi. Ubongo wanga ndili khanda unaona kuti kusiyana kumeneku sikusintha tanthauzo la chilichonse, ndiye unawaponya onse awiri m'dengu limodzi. Koma unasunga mosamala kusiyana kwa p ndi ph, k ndi kh, ng ndi ng', chifukwa ng'oma ndi ngoma, nyama ya m'tchire ija, zonse amaziwamba pamoto, koma ina amaimba, ina amadyera nsima. Ubongo wa mwana wanga unachita chimodzimodzi, kungoti madengu ake anali a Chingerezi.

Zimenezi anthu anaziyeza. Mu 1984 Janet Werker ndi Richard Tees ku Canada anatenga makanda a m'mabanja oyankhula Chingerezi n'kumawatulutsira pa sipika mawu a Chihindi, mitundu iwiri ya t imene mzungu wamkulu amaimva ngati umodzi. Makanda a miyezi 6 mpaka 8 ankasiyanitsa bwinobwino. Pofika miyezi 10 mpaka 12 ambiri anali atasiya. Patricia Kuhl wa ku Seattle ndi anzake anachita zofanana ndi l ndi r yemweyu, poyerekeza makanda a ku America ndi a ku Japan, poti Chijapani nachonso sichisiyanitsa awiriwa. Pa miyezi 6 mpaka 8 magulu onse awiri ankakhoza mofanana. Pofika miyezi 10 mpaka 12 a ku America anakwera, a ku Japan anatsika. Ndiye kuti khanda lanu la miyezi 5, achemwali, panopa likumva kusiyana kwa mawu kumene inu ndi bambo ake simungakumve. Lingathe kukhala Mchewa, Mzulu, Mjapani. Lisanakwanitse chaka liyamba kusankha, ndipo lisankha potengera zimene likumva kawirikawiri.

Tsono apa ndi pamene ndimapsa mtima. Mjapani akasokoneza l ndi r palibe amene amamuyesa mbuli, Toyota yake timagulabe mwaulemu. Mzungu wakhala ku Malawi zaka 20 osatha kunena "ng'ombe", timamuombera m'manja kuti akuyesetsa. Koma ife tokhatokha timadyana, mpaka kudula kakanema ka m'busa kapena phungu n'kumakazunguza pa WhatsApp chifukwa cha chilembo chimodzi. Lilime losakaniza l ndi r ndi umboni woti khutu linagwira bwino ntchito imene linapatsidwa. Ndipo mankhwala amene bambo a kwanuwo apeza sachiza ngakhale nthenda imene iwo akuiopa. Ngati Chingerezi chimene mwana azimva m'nyumbamo ndi cha inu awiri, l ndi r azimumva wosakanizika yemweyo. Mumulanda Chichewa chonona n'kumupatsa Chingerezi chosukuluka. Chingerezi cha ku Johannesburg adzachitola ku sukulu ya mkaka ndi mumsewu, mufune musafune, pamodzi ndi Chizulu ndi Chisotho. Nanga Chichewa akachitola kuti?

Njira imene mawu amayenda

Poti mwafunsa za khutu, tiyeni tilowemo. Chimene timachigwira ndi dzanjachi, chimene aphunzitsi ankatikoka, ndi chikho chotungira chabe. Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Amalowa pa bowo n'kukamenya kachikopa kopyapyala kokungika ngati ka ng'oma. Kachikopako kamakankha timafupa titatu, ndipo komalizirako n'kochepa kuposa njere ya mpunga, fupa laling'ono kwambiri m'thupi lonse. Kafupako kamagogoda pa kachiwalo kopotana ngati chigoba cha nkhono, kukula kwake ngati njere ya nandolo, kodzadza madzi. M'kati mwa kankhonoko muli mzere wa timaselo taubweya. Ta pakhomo timagwedezeka ndi mawu a nthetemya, ta m'katikati ndi mawu a besi, ndipo pakati pa mbali ziwirizo tinandandalikana ngati mabatani a kiyibodi ya kutchalitchi, kuyambira kunjenjemera ka 20 pa sekondi mpaka ka 20,000. Georg von Békésy analandira mphoto ya Nobel mu 1961 chifukwa chotulukira mmene kankhonoka kamagawira mawu. Timaselo totumiza uthenga tilipo pafupifupi 3,500 m'khutu lililonse, ndipo timapatsira timitsempha pafupifupi 30,000.

Uthengawo sungothamangira ku depoti. Umaima m'masiteji ngati minibasi ya ku Mponela. Pa siteji ina, m'tsinde mwa ubongo, mitsempha ya khutu lamanja imakumana ndi ya lamanzere n'kufunsana kuti mawu ayamba kufika kwa ndani. Kusiyana kwake sikukwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, koma n'kokwanira kukuuza kuti galu wauwa cha kumanzere. Pa siteji ina pamayezedwa mmene mawu akukwerera, kutsika ndi kudukiza. Pomaliza uthenga umafika pa gawo lakunja la ubongo, cha pamwamba pa khutu, ndipo kumeneko ndi kumene phokoso limasanduka "amayi akuitana". Palinso mitsempha yobwerera, yochokera ku ubongo kutsikira ku khutu, yonyamula malamulo oti ichi kweza, ichi tsitsa. Makolo athu sanalakwe kugwiritsa ntchito liwu limodzi, kumva, pa phokoso ndi pa tanthauzo pomwe. Mayi akakufunsa kuti "wamva?" safunsa za kachikopa kaja.

Ng'oma imawambidwa kawiri

Amene munaonerapo gule mukudziwa kuti ng'oma siyimbidwa itangotuluka m'nyumba. Amaiwamba pa moto wa udzu, kuigogoda, kuiwambanso, mpaka ilire mogwirizana ndi zinzake. Njira ya kumva imawambidwa kawiri. Koyamba kunachitika kalekale, m'mibadwo ya zamoyo ife kulibe. Phokoso la m'chilengedwe lili ndi khalidwe lake: limabwera m'timagulu, limayamba mwadzidzidzi n'kuzilala pang'onopang'ono, limasiya mipata. Kamtengo kakathyoka kamati thyo, mvula imati waa, ng'ombe ikalira mawu ake amakhala ndi tsinde ndi nthambi zosanjikizana. Munthu poyankhula amatsegula ndi kutseka pakamwa pafupifupi kanayi kapena kasanu pa sekondi, m'zinenero zambiri zimene zinayezedwa. Mu 2006 Evan Smith ndi Michael Lewicki ku Pittsburgh anapatsa kompyuta mulu wa maphokoso otere, a mvula, mphepo, masamba ouma, timitengo tothyoka, kulira kwa nyama, n'kuiuza kuti ipeze njira yachidule kwambiri yowalembera osataya kanthu. Kompyutayo sinauzidwe chilichonse chokhudza khutu. Tizidutswa timene inasankha tinafanana kwambiri ndi mmene mitsempha ya khutu la mphaka imagawira mawu. Ataipatsa mawu a anthu oyankhula zinatulukanso zomwezo. Telala anasoka khutu atayeza thupi la phokoso la kutchire, chinenero chinadzalowa pambuyo m'malaya amenewo n'kukwana. Ngakhale abale ake a achule aja anasowetsa tulo mwana wanga ali m'nkhaniyi: ofufuza ena mu 1995 anapeza kuti mitsempha ya khutu la chule wamkulu wa ku America imanyamula uthenga wochuluka kangapo ikamamva phokoso lofanana ndi kulira kwa achule anzake, kusiyana ndi ikamamva shiii wamba.

Kuwamba kwachiwiri n'kwa munthu aliyense payekha, ndipo kumayamba ali m'mimba. Mimba ikafika miyezi 6 mwana amakhala atayamba kumva. M'madzimo mawu amafika ngati a anthu oyankhula kuseri kwa chipupa, zilembo sizimveka koma kayimbidwe kake, kukwera ndi kutsika, kamadutsa. Mu 1980 Anthony DeCasper ndi William Fifer anaonetsa kuti khanda losakwana masiku atatu limasintha kayamwidwe pofuna kumva mawu a mayi ake, osati a mayi wina. Mu 2009 gulu la Kathleen Wermke wa ku Germany linajambula kulira kwa makanda 60 a ku France ndi ku Germany, a masiku 2 mpaka 5. A ku France kulira kwawo kunkakwera kumapeto, a ku Germany kunkatsika, kutsanzira zinenero za amayi awo. Tsono taganizani, miyezi yonse ija munali woyembekezera, mukukangana ndi bambo ake, mukuseka pa foni ndi a kumudzi, munkayankhula chiyani? Mwanayo kalasi ya Chichewa anaiyamba kale, bambo ake asanaike lamulo. Ndipo chathuchi ndi chinenero choimba, choti ukakweza liwu pamalo olakwika khungu la pathupi limasanduka khungu la maso.

Ndikamaganiza za kumudzi ndimaona kuti tonse tinali akatswiri a zimenezi mosadziwa. Mtsikana aliyense pa mjigo amadziwa kuti ndowa yatsala pang'ono kudzadza asanayang'anemo, chifukwa kulira kwa madzi kumanka kukwera. Amayi anga ankadziwa kuti akusinja ndi ndani khomo lachitatu, ndiponso ngati chimanga chakonoka. Agogo aamuna ankasiyanitsa mphepo ya m'chimanga ndi mvula imene ikubwera m'chimanga chomwecho, n'kukuwa kuti anulani ufa, pakhomo pakadali dzuwa. Nkhuku ikaona mphamba ili ndi kaliridwe kena, kosiyana ndi ikaona galu, ndipo mwana wa zaka zinayi ankathamanga akuyang'ana kumwamba. Palibe anatikhazika pansi kutiphunzitsa. Makutu ankangowerengera zinthu zimene zimayendera limodzi. Ku Rochester mu 1996 Jenny Saffran ndi anzake anaonetsa kuti makanda a miyezi 8 akamva mawu opeka, osadukiza, kwa mphindi ziwiri zokha, amayamba kuzindikira maphatikizo amene amatsatana kawirikawiri. Mphindi ziwiri, madzi a nsima asanafunde n'komwe.

Ndiye pali malume anga, amene anagwira ntchito pa chigayo zaka zambiri popanda chotseka m'makutu, poti ndani ankaziganiza zimenezo. Atakalamba anthu ankati ndi amwano, amamva zimene akufuna. Mukakhala awiri pa khonde ankamva. Pa ukwati, anthu akuyankhula mbali zonse, ankangomwetulira n'kumavomera zosafunsidwa. Phokoso lalikulu limapha timaselo taubweya tija, kawirikawiri kuyambira ta mawu a nthetemya timene timanyamula s, f ndi ts, ndipo kwa munthu tikafa tafa. Kwa nkhuku timameranso. Nkhuku, imene ilibe n'chomwe choti imvere.

Za foni yolira shiii ija. Mu 2003 Edward Chang ndi Michael Merzenich ku San Francisco analera ana a makoswe mu phokoso lotere usana ndi usiku, losakweza moti n'kuwononga khutu koma lokwanira kuphimba china chilichonse. Mwa khoswe wokula bwino, mbali ya ubongo ya kumva imadzikonza msanga, maselo aliwonse n'kutenga mawu akeake mwadongosolo. Mwa makoswe a mu shiii mbaliyo inakhalabe yanthete ngati ya khanda, nthawi yake yokhwima itapitirira kale. Ubongo unkadikira phokoso lokhala ndi kaumbidwe, pamene shiii alibe mutu, alibe mchira, alibe mpata. Atawachotsamo m'pamene unayamba kukhwima. Musathamange nayo nkhaniyi. Makoswewo sankamva china chilichonse maola 24, pamene mwana wanu masana amamva inu. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi kukweza. Madokotala a ku Toronto mu 2014 anayeza timakina 14 togonekera ana. Titakwezedwa mpaka pamapeto n'kuikidwa masentimita 30 kuchokera pamutu, tonse tinapitirira madesibelo 50 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) amene amalangizidwa m'zipinda za makanda kuchipatala, ndipo titatu tinapitirira 85, mlingo umene munthu wamkulu wa pa fakitale sayenera kukhalamo kupitirira maola 8.

TV ndiye ndilibe nayo chifundo. Kuhl yemwe uja mu 2003 anatenga makanda a miyezi 9 a ku America n'kumawakhazika ndi anthu oyankhula Chimandarini cha ku China, maulendo 12, mphindi 25 ulendo uliwonse, akuwawerengera mabuku ndi kusewera nawo. Pamapeto pake makandawo ankasiyanitsa mawu a Chimandarini ngati makanda a ku Taiwan. Gulu lina linaonetsedwa anthu omwewo, mawu omwewo, koma pa TV. Silinatolepo kanthu, linafanana ndi makanda amene sanamvepo chinenerocho. Khutu la khanda limatsegukira nkhope imene ikuliyang'ana, imene imadikira likati aguu n'kuliyankha. Ndiye bambo a kwanuwo akamaona ngati makatuni akuthira Chingerezi m'mutu mwa mwana wa miyezi 5, akungolipira magetsi. Azakhali osapita ku sukulu amene amamunyamula n'kumamuyankhulitsa zopanda mutu akugwira ntchito yoposa TV ya mainchesi 50.

Ndisakunamizeni kuti chitseko chimatsekekeratu. Ku Montreal mu 2014 anaunika ubongo wa atsikana amene anatengedwa ku China ali ndi pafupifupi chaka chimodzi n'kuleredwa m'Chifalansa chokha. Sankakumbuka liwu ngakhale limodzi la Chitchaina. Koma atamva kukwera ndi kutsika kwa mawu a chinenerocho, ubongo wawo unayaka malo omwe umayaka mwa anthu ochiyankhula. Zimene anamva chaka choyamba zinali zitangogona. Akuluakulu nafenso timawambika, kungoti pamafunika udzu wambiri. Ajapani akuluakulu ataphunzitsidwa l ndi r pomvera anthu osiyanasiyana kwa masabata angapo, anayamba kusiyanitsako. Ine zinanditengera zaka. Lero "pray" ndi "play" ndimawamva awiri, ngakhale ndikatopa lilime limabwerera ku Dowa osatsanzika. Ndipo ofufuza a ku Nijmegen ku Netherlands mu 1998 anamata anthu ochepa zinthu zosintha kaumbidwe ka makutu akunjawa. Poyamba sankadziwa ngati phokoso lachokera kumwamba kapena pansi. Patatha masabata angapo anazolowera makutu atsopanowo, ndipo atachotsa zomatazo ankamvanso bwinobwino ndi akale nthawi yomweyo. Ubongo unasunga mapu onse awiri. Ameneyo ndiye mukuopa kuti asokonezeka ndi zinenero ziwiri?

Yankho lanu, achemwali: ayi, simunamuwononge, ndipo inde, khutu limachita kuphunzira. Muyankhuleni Chichewa, chimene mumasekera ndi kukalipira, pomusambitsa, pomuyamwitsa, ali kumsana mukuphika. Bambo ake ngati akonda Chingerezi apitirize, bola azimuyankhula atamunyamula. TV izizima nthawi zambiri. Foni ichoke pa pilo, ikhale kutali mamita awiri, yotsitsa moti mungathe kuyankhula chapansipansi n'kumvana, ndipo akagona muzizimitsa. Ngati sadzidzimuka chitseko chikamenyetseka, satembenukira kumene kwachokera mawu pofika miyezi 6, sanayambe bababa pofika miyezi 9 kapena 10, kapena khutu likutuluka mafinya, pitani naye ku kiliniki akamuyeze makutu, osamvera za akuti dikirani ayambe wakula. Chimodzimodzi akadwala malungo aakulu kapena matenda oumitsa khosi. Ana osamva amene athandizidwa asanakwane miyezi 6 amaphunzira chinenero bwino kuposa ochedwa. Owerenga a kumudzi, zoyezera makutu zilipo ku Queen Elizabeth ku Blantyre ndi ku kiliniki ya ABC ku Lilongwe.

Mwana wanga ali ndi zaka 16 tsopano. Chaka chathachi anayamba yekha kuimbirana foni ndi msuweni wake wa ku Mponela Lamlungu lililonse, wina kuphunzitsa mnzake. Sabata yatha ndinamumva kuchipinda akubwereza "ng'ombe, ng'ona, ng'anjo", ndipo ng'ombeyo inatuluka bwino, yoti amayi anga sakanaseka. "Kola" akunenabe "khola".